Magalagadeya pa Chikwangwani

Kamera itaikidwa pamphambano, Siniva anasangalala. Chimene sanachikonde ndi chikwangwani.

Nyumba yawo ya lendi inali m'mbali mwa msewu waukulu, pafupi ndi maloboti, kuno kumadzulo kwa Sydney. Miyezi ingapo m'mbuyomo, akuwoloka ndi mwana wake Litia m'kangolo, kamunthu kobiriwira katayaka kale, galimoto yoyera inadutsa pa getsi lofiira osachepetsako n'komwe. Siinawagunde. Mphepo yake inangoulutsa kabulangete kamene kanali pamiyendo ya mwanayo n'kukakagwetsa pakati pa msewu. Siniva anafika kutsidya, nakhala pansi pakhomo pa sitolo ya mankhwala mpaka mwini sitoloyo anamubweretsera madzi. Litia ankangoseka.

Ndiye kamera ija itabwera, iye anati tsopano aona. Koma pasanapite nthawi kunabweranso anthu a majekete achikasu, nakumba dzenje pakapinga kutsogolo kwa nyumba yake yeniyeniyo, nazika mzati wachitsulo. Pamwamba pake anakhomapo chikwangwani chachikulu chouza oyendetsa galimoto kuti patsogolo pali kamera.

"Nanga akuwauziranji?" anafunsa mwamuna wake Lafaele madzulo ake.

"Amatero. Amayenera kuchenjeza anthu."

"Wakuba amamuuza kuti wapolisi wabisala kuseri kwa chitseko?"

"Iwe, kamera si yogwirira anthu. Ndi yoti anthu aziima."

"Aime pano, akathamange kutsogoloku kumene kuli sukulu ya mkaka."

Lafaele anali atagona kale pampando, nsapato za kuntchito zikadali kuphazi. Amachoka m'mamawa kudzera kuseri kukakwera sitima, ndipo za kutsogolo kwa nyumba sazidziwa.

Siniva ndiye ankazidziwa. Zenera la kukhitchini linayang'ana kumsewu, ndipo akamatsuka mabotolo a mwana ankaona zonse. Galimoto inkabwera ndi liwiro, ikafika pachikwangwani n'kuponda buleki, n'kudutsa pamaloboti mofatsa ngati ikupita kumaliro. Ikangopitirira kamera, inkabangula n'kuzimiririka. Palibe amene ankagwidwa. Wa galimoto yoyera uja, kaya ndani, ayenera kuti ankadutsanso pomwepo mwaulemu, chikwangwani chitamunong'oneza.

Pampanda wakutsogolo panali magalagadeya amene apongozi ake aakazi, mayi Fuatino, anamupatsa ali kambewu m'chitini. M'kutentha kwa Disembala anakula ngati openga, nsonga zikulendewera zikusowa pogwira. Masana ena, Litia atagona, Siniva anatulutsa mpando, msomali ndi chingwe choyanikira zovala. Anakhoma msomaliwo pamwamba pa mpanda, nadutsitsa chingwecho pamwamba pa kanjira ka oyenda pansi mpaka pamzati. Anang'amba nsalu yakale timizeremizere, namangirira nsonga za magalagadeya pachingwepo. Munthu akamadutsa, ankachita ngati akuthyola masamba ouma. Anadziuza kuti sakuthyola kanthu, sakupenta kanthu, akungothandiza mbewu kukwera.

Ndipo inakweradi. Iye ankaithirira m'mawa ndi madzulo, ngakhale madzi osambitsira mwana ankathira pomwepo. Chaka chatsopano chisanafike, chikwangwani chinali chitasanduka chitsamba chobiriwira pamwamba pa mzati, maluwa ofiirira akutuluka apa ndi apo.

Kamera inayamba kuphethira. Ngakhale masana kuwala kwake kunkaoneka pagalasi la zenera, kamodzi, kenako kachiwiri. Kukawala, mtima wa Siniva unkachita tseketseke. Ankayang'ana Litia pansi akusewera ndi zivundikiro za mapoto, n'kunena chamumtima kuti ameneyo ndi mmodzi.

Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi ankakadya kwa apongozi. Banja lonse limadyera m'galaja, mikeka itayalidwa, chitseko chitakwezedwa kuti mphepo izilowa. Siniva, monga mkazi wokwatiwa m'banjamo, sadya akuluakulu asanadye. Tsiku limenelo anaika nthochi zophika mu mkaka wa kokonati ndi nsomba patsogolo pa apongozi ake aamuna, bambo Sauni, nakhala pambali akuingitsa ntchentche ndi chikupizo, diso lina lili pa Litia kuti asakwawire kumene kunali ketulo.

Bambo Sauni anangotola pang'ono. Atasamba m'manja anati, "Ndili ndi mawu."

Onse anatembenukira kwa iwo.

"Laisensi ikupita. Kamera yandijambula pa getsi lofiira."

Mwana wawo wamkulu, Tausala, mlongo wake wa Lafaele, amene amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, anaika mbale pansi. "Bambo, si inu munali pa chaka choyesedwa chija?"

"Ndi chomwecho. Mapointi a milandu ya pamsewu atadzadza anandipatsa chaka choti ndisalakwenso. Chinali pafupi kutha. Tsopano akuti ndikhale miyezi yambiri osagwira chiwongolero."

Palibe amene anafunsa kuti nanga amayi. Aliyense ankadziwa. Impso za mayi Fuatino zinasiya kugwira ntchito, ndipo masiku angapo pa sabata amayenera kukhala pa makina osefa magazi. Amene amawatenga, kuwadikirira ndi kuwabweza ali ofooka ngati nsanza yonyowa ndi bambo Sauni.

"Kuti?" anafunsa Lafaele.

"Kwanu komwe. Tsiku lija tinabwera kudzaona Litia tikuchokera kuchipatala."

Chikupizo chinaima m'manja mwa Siniva. Tsikulo analikumbuka bwino. Kutsogolo kwa nyumba yawo sikuloledwa kuimika galimoto, ndiye alendo amadutsa kaye pamaloboti n'kukaimika m'kamsewu kakumbali. Iye anali pasinki, kamera inawala, mtima wake unasangalala monga mwa masiku onse. Galimotoyo sanaione. Patangopita kanthawi anamva kugogoda, napeza bambo Sauni atagwiriziza mayi Fuatino, milomo yawo itayera, kutsogolo kwa diresi kutanyowa.

"Kamera imeneyo sindinkaidziwa," anatero bambo Sauni. "Ine ndikaona chikwangwani, phazi limapita lokha pa buleki. Pamenepo sindinaone chilichonse."

"Palibe chikwangwani?" Tausala anadzuka pang'ono. "Ndiye nkhani ilipo. Amayenera kuika chikwangwani. Ngati palibe, tikanena kukhoti."

"Ena amati chikwangwani sichipulumutsa munthu," anatero Lafaele. "Amati lofiira ndi lofiira basi."

"Ena ake ati? Anzako onyamula makatoni aja? Woweruza ndi munthu, amamva. Chilipo kapena palibe?"

Lafaele anakanda mutu. "Ndikuona ngati chilipo. Anabwera kudzakumba. Siniva ndiye amadziwa."

Maso onse anabwera kwa iye. Tausala anaseka pang'ono. "Nofotane wathu, tatsegulani pakamwa. Paja inu mumadziwa ndi nambala za mabasi omwe."

Nofotane ndi mkazi wakuchitengwa. Tausala amamuitana choncho moseka, koma liwulo silisowa kaminga.

"Mzati ulipo," anatero Siniva. "Sindinayang'anitsitse."

Tausala anati, "Ndibwera mawa ndisanalowe ntchito, ndidzajambule ndekha. Apo ayi, ndani aziwatenga amayi? Ine ndili pa shifiti, uyu ali kumakatoni, ndipo laisensi ya mlamu wangayu ndi yokongoletsera chikwama."

Zinali zoona. Chichitikireni za kabulangete zija, Siniva anali asanagwirenso chiwongolero.

Atafika kunyumba, Lafaele anagona. Siniva anamuika Litia m'kabedi kake, natseka chitseko cha mpanda kawiri kuti atsimikize, natenga mpando ndi sizasi yodulira maluwa. M'mutu mwake munali chinthu chimodzi chokha: Tausala ataima pansi pa mzati ndi foni, akukweza maso, akuona chingwe choyanikira ndi timizere ta nsalu imene banja lonse linamuonapo atavala. Anadula mofulumira, osaganiza. Masamba ankagwa pankhope pake, zipatso zosapsa zikugubuduzika kulowera mumsewu. Anamasula chingwe, nakanikizira zonse m'bini ya zinyalala za m'munda, napukuta chikwangwani ndi chinsanza mpaka chinawala ngati chatsopano.

Atatsika pampando ndi pamene anazindikira chimene wachita.

Tausala anafika m'mawa atavala yunifolomu. Anaima pakapinga, foni ili m'manja, akuyang'ana m'mwamba nthawi yaitali. Siniva anatuluka atanyamula Litia m'chiuno.

"Chikwangwani chonsechi," anatero Tausala motsitsa mawu. "Chachikulu ngati chitseko. Ndiye bambo sanachione?" Anatsitsa foni. "Ndi maso. Ndakhala ndikuwauza za maso aja. Ndimawaona kuntchito anthu otere, amakana mpaka tsiku limene agunda mwana wa eni. Mwina ndi bwino kuti alandidwe. Asadzayendetsenso."

"Si maso," anatero Siniva.

"Wati chiyani?"

"Chinali chitaphimbika. Magalagadeya anakwera pamenepo. Ndadula dzulo."

Tausala anatembenuka pang'onopang'ono. "Dzulo? Utamva kuti ndikubwera kudzajambula?"

"Ndinachita mantha. Ndinati akatipeza a boma kuti mbewu yathu ndiyo yaphimba, atiimba mlandu."

"Mulungu wanga. Iwe, m'mutu mwakomu muli chiyani, phala la mwana? Umboni unali pomwepa, wokongola, iwe n'kuumeta?" Anapuma mwamphamvu, nayang'ana wotchi. "Chabwino. Chabwino. Pakamwa uli napo. Ukanena kukhoti zimene wandiuzazi: mbewu inakwera yokha, chikwangwani sichinkaoneka, unadula chifukwa cha mantha. Bola wanena zoona, ena akanangokhala chete bambo n'kuoneka wabodza." Anatsina tsaya la Litia, nathamangira ku galimoto.

Mawu akuti bola wanena zoona anakhala naye tsiku lonse ngati fupa la nsomba pakhosi. Madzulo mayi Fuatino anaimba foni kumuthokoza. Lafaele anamusisita pamsana, nati asadandaule, mbewu ndi mbewu. Iye ankangovomera. Anasiya kutsukira mabotolo pasinki ya kukhitchini, ankakatsukira kubafa.

Bambo Sauni anabwera okha pakati pa sabata, pa basi. Laisensi inali isanalandidwe, koma anati safuna kudutsanso pamenepo ndi galimoto. Sanalowe m'nyumba. Anaima pachipata atavala malaya awo a maluwa ndi nsapato zapatapata, akuyang'ana mpanda, kenako mzati, kenako mpanda. Anatambasula dzanja kuchokera pampanda kuloza kumzati. Mpata unatsala waukulu. Anakweza dzanja, nakhudza msomali uja ndi chala.

Siniva anali atauiwala.

"Mbewu imeneyi ndinaifesa ndine m'chitini chija," anatero, osamuyang'ana. "Imagwira chimene chili pafupi. Siilumpha kanjira. Woweruza kaya amalima kaya salima, sindikudziwa. Koma akadzafunsa kuti inawoloka bwanji, mudzayankha chiyani, Siniva?"

Munthu salankhula ndi mkulu ali chiimire. Siniva anawabweretsera mpando pakhonde, iye nakhala pansi pa simenti, miyendo atapinda, Litia ali pamiyendopo. Ananena zonse, za galimoto yoyera, za chingwe, za nsalu, za madzi osambitsira mwana. Ankayang'ana zala za kuphazi za apongozi akewo. Magalimoto ankadutsa, akuponda buleki pachikwangwani.

"Kamera ikawala munkaona?" anafunsa bambo Sauni.

"Ndinkaona."

"Munkasangalala?"

"Eya."

"Ndi tsiku lija lomwe?"

"Sindinaone kuti ndi inu, bambo."

"Sindinafunse zimenezo."

"Ndinasangalala."

Bambo Sauni anagwedeza mutu pang'ono. Litia anakwawa, nagwira mwendo wa mpando, naimirira. Siniva anatambasula dzanja kuti asagwere chagada, koma agogo ake anali atamugwira kale pamsana.

"Getsi ndinaliona," anatero. "Linali lachikasu, kenako lofiira. Mayi anu ankasanza, ndinati ndidutse ndikawagoneke. Amene anaponda moto ndine." Anayang'ana kumzati. "Koma chikwangwani ndikanachiona, ndikanaima. Sindikunamizani kuti mtima wanu ukhale pansi. Ndikanaima."

Siniva sanalire. Ankaopa kuti akalira, aoneka ngati akupempha kuti amutonthoze.

"Ndikanena kukhoti, bambo. Zonse, mmene zinalili."

"Kukhoti sitipita."

"Mwina akakumverani chisoni."

"Mwina. Mwinanso akanena zimene ananena Lafaele, kuti lofiira ndi lofiira, inu mutadzivula kale pamaso pa anthu. Akakugwiritsani Baibulo. Mukanena za Tausala zija, mwalumbira bodza chifukwa cha ine. Mukanena zenizeni, Lamulungu tchalitchi chonse chadziwa, mwana wanga ali pakati, mkazi uku mlongo uku. Zonse ziwiri sindikuzifuna."

"Ndiye ndiwauze a m'banja okha."

"Kuti zitani? Kuti inu mupepukidwe, katunduyo asenze mayi anu? Mtima wawo ndi wotopa kale ndi makina aja. Amakukondani. Asiyeni azikukondani." Anamukweza Litia, namukhazika pabondo. "Chimene chikufunika si mawu. Chikufunika ndi munthu woyendetsa galimoto."

"Bambo, ine ndimaopa."

"Ndikudziwa. Muziopa muli pachiwongolero."

Lamulungu lotsatira bambo Sauni anauza banja kuti za khoti azisiye, ndipo amayi aziwatenga Siniva. Tausala anakalipa mpaka mawu anasasa. Anati bambo ndi ouma mutu ngati kokonati, anati mboni ilipo yaulere koma akuitaya, anati ulemu wa ku Samoa suyendetsa galimoto ku Australia. Bambo Sauni ankangomwa koko wawo.

"Nanga mlamu," anatero Tausala potsiriza, "tawauzani inuyo, mwina amva. Si inu munaona ndi maso anu?"

Siniva anayang'ana apongozi ake. Iwo sanakweze maso pakapu.

"Bambo anena kale," anatero.

"Nofotane weniweni," anatero Tausala, natola mbale mwaphokoso.

Tsiku loyamba anafika kwa apongozi dzuwa litangotuluka. Lamba wa mpando wa Litia anamumanga, namumasula, namumanganso. Mayi Fuatino anakhala kutsogolo ndi bulangete ndi kachikwama ka mankhwala. Bambo Sauni anatsegula chitseko chakumbuyo, naima pang'ono ngati aiwala mmene amakwerera kumeneko, kenako anapinda miyendo yawo yaitali nakhala pambali pa mdzukulu wawo.

Siniva anayendetsa manja onse awiri atakakamira chiwongolero, thukuta likutsika kumsana. Pamphambano iliyonse ankachepetsa liwiro ngakhale getsi lili lobiriwira, ndipo akumbuyo ankaliza mahutala. Mnyamata wina wa galimoto ya makwerero padenga anamudutsa akumukalipira pazenera.

"Musawamvere," anatero mayi Fuatino, akumusisita pabondo. "Tifika. Makina sathawa."

Anafika mochedwa pang'ono. Namwino anawalandira pakhomo ndi njinga ya odwala, nafunsa kuti lero dalaivala ndi watsopano bwanji.

"Ndi mwana wanga uyu," anatero mayi Fuatino, atagwira dzanja la Siniva osalisiya. "Amaopa msewu kuposa imfa, koma taonani, wabwera nane. Ena amadandaula ndi akazi a ana awo. Ine Mulungu anandikondera."

Namwino anamwetulira, nati ndi amwayi. Siniva anatembenuka kufuna apongozi ake aamuna. Anali ataima patali pang'ono ndi Litia m'manja, akumuonetsa nsomba za m'galasi la m'chipinda chodikirira.

"Kazipitani mukamwe tiyi," anatero mayi Fuatino. "Mudzanditenge masana."

Siniva anati adikira pomwepo. Anakhala pampando wapulasitiki woyang'anana ndi chitseko, makiyi a galimoto ya bambo Sauni ali m'manja, osadziwa ngati awabwezere kapena awasunge.